Ndere za Tiyamike

Ndinanyamuka ku Tottenham chakum'mawa, mwezi wa Julaye, nditakumbatira bokosi loziziritsira zinthu. Firiji yathu inali itafa usiku. M'bokosimo munali ndere zam'nyanja zimene Tiyamike, mwana wa mkulu wanga, anakatola pa kachilumba kena pakati pa nyanja ya India, komwe sitima imafikako mwa apo ndi apo. Zina zobiriwira ngati letesi, zina zofiirira ngati fodya, ndi kena kofiira kopyapyala kamene iye ankati mwina sikanalembedwepo ndi munthu. Maphunziro ake onse anatsamira pa ndere zimenezi, zokutidwa m'timapepala tapulasitiki, koma mwiniwake anali gone m'chipatala ndi malungo. Pafoni anangoti zikasungunuka zatha ntchito, ndizifikitse ku firiji ya kusukulu kwawo ku Greenwich.

Ine wa ku Dedza, nyanja yamchere ndinkangoionera pa windo la ndege, lero ndiye ndasanduka mtengatenga wa udzu wake.

Chinali chaka chija anthu ankaopa zikwama m'sitima zapansi chifukwa cha mabomba amene anaphulika m'menemo. Nditakhala pansi, mpando wa kumanja ndi wa kumanzere inatsala yopanda munthu. Pa siteshoni ya King's Cross wapolisi anandiimitsa nkuti nditsegule. Ndinamuchonderera kuti kuzizira kuthawa, koma ndani amatsutsana ndi boma kwa eni? Anatulutsa kamodzikamodzi, kununkhiza, nkufunsa ngati ndi chakudya.

Titayandikira siteshoni ya Bank sitima inaima mumdima, osanena chifukwa. Kutentha kwake ngati kwa ku Nsanje. Madzi anayamba kudontha pa siketi yanga, ndipo ndinachita mantha enieni.

Nditatulukira kunja, bambo wina wosesa pasiteshoni anandimva ndikudandaula ndekha. Anali wa ku Chipata.

"Amai, musayembekeze sitima ya ku Greenwich, ili na vuto lelo. Yendani ku mtsinje mukwere boti, kuli kamphepo."

Anandithamangira ku shopu ya Mturuki nkubwera ndi thumba la ayezi. Dzina lake sindinafunse, mpaka pano zimandiwawa. Pa boti anzanga ankajambula milatho, ine maso ali pa chivundikiro.

Ndinafika masana. Mayi wa mu labu anatsegula mwakachetechete. Zapansi zonse zinali gwa, zolimba bwino. Zapamwamba zinali phala. Kofiira kaja ndinakaika pamwamba penipeni kuti kasaphwanyike, monga tichitira ndi tomato mu dengu. Sindinkadziwa kuti m'bokosi la ayezi malo aulemu ndi pansi.

Ndinaimba foni ndili pakhonde. Tiyamike anamvetsera osandidula, kenako anafunsa ndi mawu ofooka.

"Nanga kofiira kaja, Anti?"

Ndinamuuza zoona. Pafonipo ndinamva mabedi akukokedwa m'wodimo.

"Ndiye kuti ndinakaona ndekha basi," anatero. "Mwadya koma?"