Dzina Langa Sunaliiwale, NyaShaba

NyaShaba mkazi wanga, lero zakwana zaka zitatu chichokere iwe, koma mlandu wako sindinautseke. Ukukumbuka madokotala achilendo aja anabwera ku Boma kudzasankha odwala matenda onjenjemera, oti akawaike kawaya mu ubongo kuti manja akhazikike? Anati munthu woiwalaiwala samutenga. Unayenda, unagundanitsa zala, unawerenga chobwerera m'mbuyo, zonse bwinobwino. Kenako dokotala anafunsa dzina la mwamuna wako. Iwe maso pansi: "Ndi bambo a Tiwonge." Anafunsa katatu, mbwenu analemba kuti wayamba kuiwala. Ndinakuwa kuti, "Adokotala, mkazi wa kuno satchula dzina la mwamuna wake pagulu! Woiwala ndine, onani, ndavala nsapato zosiyana!" Anaseka, koma pepala sanasinthe.

Tili panja kudikira kabaza, unandigwira ndi dzanja lonjenjemeralo n'kunena kuti, "A Yotamu, khalani chete, mukundichititsa manyazi." Zaka makumi anayi m'banja, aka kanali koyamba kulimva dzina langa pakamwa pako. Alembe zimene akufuna. Ine mpaka adzandikwirire ndiziuza aliyense kuti mayeso aja unakhoza, kungoti unayankhira panja.