Alendo Odzaona Mvuu ku Chiuta

Fungo la makumba ootcha pa Ulongwe landibwezera kwathu kunyanja ya Chiuta.

Ndili kamtsikana, kunabwera alendo awiri odzaona mvuu. Ababa anawapalasira bwato mpaka kufupi ndi malire a Mozambiki. Atabwerako amayi anawaotchera makumba, alendowo nadya mpaka kunyambita zala.

M'mawa mwake, pochokera kotunga madzi, ndinapeza amayi akufafaniza ndi tsache pamene panaponda matayala a galimoto.

"Amayi, ababa ali kuti?"

"Yawagwira ng'ona. Usadzafunsenso, wamva?"

Ndinkapita kugombe kukagenda madzi, uku ndikutukwana ng'onayo. Ndinadzamva ndili ndi ana kale kuti amene anawatenga ababa ndi achipani, ati ankaolotsa zigawenga.

Nanga ng'ona inayamba liti kubwera pa galimoto?