Bambo Chikoti ndi Udzu wa ku Nankhwazi

Akhristu anzanga a m'parishi muno, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndayenda, ndipo nonse mukudziwa. Ndinayamba ndi njinga imodzi ya kabaza pa Liwaladzi pompano, lero malole anga amagona ku Beira, ku Dar es Salaam ndi ku Joni. Ndagwirana chanza ndi mabishopu, ndadya ndi eni ng'ombe zikwizikwi ku Botswana. Koma ansembe athu atandipempha kuti ndilembe za munthu wamkulu amene ndinamuonapo, sindinayang'ane kutali. Ndilemba za bambo Edmund Chikoti, munthu amene moyo wake wonse sanapitirirepo Salima.

Bambo Chikoti anabadwa mu 1951 m'mphepete mwa dambo la Nankhwazi, kumtunda kwa Liwaladzi. Sukulu analekeza Sitandade 5 chifukwa panalibe wina woweta ng'ombe za amalume awo. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, nkhunzi inawabaya ndi nyanga pantchafu, kuwaponya m'mwamba, n'kuwapondaponda m'matope. Amalume anatenga nkhwangwa kuti aiphe, koma mwanayo, magazi ali chuchuchu, anati: “Ilekeni, amalume. Ndinaima pakati pa iyo ndi msipu wake.” Kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina. Anabatizidwa ali mnyamata, anakwatira mayi Sara mu 1974, ndipo kwa zaka makumi anayi ndiwo ankasesa m'tchalitchi ndi kuimba belu, mvula kaya dzuwa.

Mu 1999 kunabwera mayi wina wophunzira kwambiri, Dokotala Zahra Latifu, mwana wa banja la Chisilamu la ku boma, katswiri wa za msipu wa ziweto. Ankafuna kudziwa ngati ng'ombe zikuwononga dambo. Tsiku loyamba anazula udzu n'kuyamba kuufufuza m'buku lake lalikulu.

“Musavutike, mayi,” anatero a Chikoti. “Uyu ndi kapinga, ng'ombe ikamudya amaphukanso. Uyo ndi nansongole, amabaya ndi lilime lomwe.”

Dokotala anatseka buku lija n'kuwalemba ntchito pomwepo.

Anatchinga malo anayi ndi waya waminga kuti ng'ombe zisalowemo, malo ena anayi n'kuwasiya poyera. Mwezi uliwonse a Chikoti ankaika pansi chitsulo cha ngodya zinayi, kumweta ndi zenga udzu wonse uli m'kati mwake, kuusankha mtundu ndi mtundu, kuuumika, kuuyeza pa sikelo ndi kulemba m'kope. Dzuwa likafika paliwombo, Dokotala ankayala mkeka pansi pa mkuyu kuti aswali, a Chikoti n'kukhala chapatali kumaimba nyimbo ya m'buku chapansipansi.

Zaka zimenezo mvula inkavuta, ndipo udzu unkacheperachepera. Mu 2004 Dokotala analemba pepala lonena kuti ng'ombe zachuluka ndipo dambo la Nankhwazi likufa. Tsono mvetsetsani, inu amene simunayende: pepala la katswiri limalemera ndi kuchuluka kwa akatswiri ena amene alitchula m'zolemba zawo. Ili linatchulidwa kopitirira mazana anayi! Ndinaona ndekha pa kompyuta ku Durban, ndipo ndinauza aliyense m'ofesimo kuti dambo limenelo ndi lakwathu. Dokotala anakhala Pulofesa chifukwa cha pepala limeneli. Kumapeto kwake, m'tizilembo tating'ono, munali mawu othokoza E. Chikoti.

Ntchito inatha, Pulofesa anabwerera ku yunivesite, koma a Chikoti sanaleke kuyeza.

“Abambo, ntchito inatha kale,” ankatero mayi Sara. “Mukuzunzikiranji ndi mwendo wanuwo?”

“Mayi aja anaufunsa udzu uli ndi njala,” ankayankha. “Ndikufuna ndiumvenso utakhuta.”

Mu 2012 kunabwera kampani ina yofuna kubzala nzimbe m'dambo lonse. Pa msonkhano wa pabwalo la sukulu, munthu wa kampaniyo anakweza pepala la Pulofesa m'mwamba. Anati akatswiri mazana anayi avomereza kuti ng'ombe zapha dambo, choncho palibe chimene anthu ataye. Anthu atayamba kung'ung'udza, iye anatsegula tsamba lomaliza. “Mukukana chiyani? Woyeza udzuwo ndi wanu yemwe. Nali dzina lake.”

M'mawa mwake a Chikoti anapita kudambo monga mwa nthawi zonse. Atangogwada kuti amwete, anamva mapazi. Anali amuna okwana khumi ndi asanu, ndipo patsogolo panali Daliso, mwini ng'ombe makumi atatu, woimba besi m'kwaya yathu, amene a Chikoti omwewo anamuimirira pa ubatizo.

“Yudasi!” anakuwa Daliso. “Zaka zonsezi timati wapenga, osadziwa kuti ukuyeza dambo kuti uligulitse!”

“Daliso mwana wanga, khala pansi ndikuonetse makope.”

“Ndani mwana wako? Ng'ombe zanga zidya makope?”

Chibonga choyamba chinatera kumsana. Anawagwetsa chafufumimba, wina n'kuwaponda pakhosi. Daliso anatola chitsulo choyezera chija n'kumenya dzanja lamanja mpaka fupa linamveka kuti tswa. Wina anatenga zenga n'kudula zala ziwiri, amvekere, “Ulembenso tione!” Anazula waya waminga pa mpanda n'kuwakulunga nawo thupi lonse ngati mtolo wa nkhuni, kenako anawakoka m'matope mpaka kumsewu wa ngolo. Amene anaona amati m'kamwa mwa a Chikoti simunatuluke chitonzo. Ankangoti, “Ambuye, ali ndi mantha.”

Kuchoka apo gulu lija linathamangira kumudzi kukatentha chisakasa cha a Chikoti choumikira udzu, moto n'kugwiranso denga la nyumba yawo. Mayi Sara analowa mu utsi, nasonkhanitsa makope onse khumi ndi anayi, kuwabereka kumbuyo ndi chitenje ngati khanda, n'kudutsa pakati pa anthuwo akulira. Palibe anawagwira.

Kuchipatala ku boma apolisi anabwera ndi cholembera.

“Madala, tiuzeni mayina.”

“Bwana, ndinali chafufumimba. Ndinkaona matope.”

“Nanga mawu simunawamve?”

“Ndinawamva. Anali mawu a anthu olandidwa.”

Wapolisi anamenya tebulo, koma dzina silinatuluke.

Pa tsiku lachinayi Pulofesa Latifu anafika. Ataona dzanja lija anagwira pakamwa. “Subhanallah! Achimwene, ndakuphetsani ine.”

“Simunandiphetse, mayi. Sara, apatse makope.”

Pulofesa anawerenga ataimirira, kenako anakhala pansi. Makope ankaonetsa kuti mvula itabwerera, kapinga anadzaza malo onse odyetsera, chonsecho ng'ombe zinali zitachuluka kuposa kale. M'malo otchinga aja ndimo munali mutafa: nansongole yekhayekha, wouma, wofika m'chiuno.

“Tinalakwitsa, mayi,” anatero a Chikoti. “Chinapha udzu chinali chilala. Mulembe.”

“Mukudziwa chimene mukundipempha? Pepala limenelo ndilo dzina langa. Anthu mazana anayi aimirira pamenepo.”

“Ndiye muwauze atsike, pansi pake pali dzenje.”

Pulofesa anatuluka, makope ali m'khwapa. Panapita miyezi isanu osamveka, ndipo mayi Sara ankati anawabera. A Chikoti ankangoti, “Munthu amene amagwetsa nkhope yake pansi kasanu pa tsiku, kugwada sikungamulake.” Atatuluka m'chipatala anaphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo Lamulungu loyamba anaimba belu ndi dzanja lomwelo. Theka la mpingo silinkawapatsa moni. Pa Misa, nthawi yopatsana mtendere, ankatambasula dzanja kwa Daliso, Daliso n'kuyang'ana kudenga.

Kenako kampani inatumiza thirakitala kukayamba kugaula kumtunda kwa dambo, pamodzi ndi alonda ndi agalu. Mudzi wonse unatuluka ndi zikwanje. Agalu anang'amba mayi wina mwendo, alonda anaswa mutu wa mkulu wina ndi ndodo, koma miyala itachuluka anathawa, n'kusiya dalaivala, bambo Sadick a ku Benga. Anthu anawatsitsa, kuwamenya mpaka mano kugwa, kuwaveka tayala m'khosi ndi kuwathira dizilo wa m'thirakitala momwemo. Daliso anali atatulutsa kale machesi.

A Chikoti anafika akutsimphina, anapyola pakati pa anthu, n'kugona pamwamba pa dalaivalayo. Dizilo ananyowetsa malaya awo.

“Choka, mfiti iwe!” anakuwa Daliso. “Tikuotcha limodzi!”

“Yatsa, mwana wanga. Koma ukayatsa, mawa kubwera apolisi, mudzi uno ubalalika, ndipo dambo lipita popanda wolinenera. Uyu walembedwa ganyu. Ali ndi ana ngati iwe.”

Mwala unawagunda pachipumi, magazi n'kutsikira m'maso, koma sanasunthe. Daliso anayatsa kamtengo kamodzi, kanayaka mpaka kumuotcha chala, n'kukataya kumbali. Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi. A Chikoti anavula tayala lija ndi dzanja limodzi, n'kuyenda ndi a Sadick mpaka ku msewu waukulu wa M5.

Patapita sabata ziwiri, akuluakulu a za malo anaitanitsa mbali zonse ku boma. Ndinatengera anthu kumeneko pa lole yanga yatsopano, ndipo ndinakhala kutsogolo. Munthu wa kampani atangokweza pepala lake lija, chitseko chinatseguka, Pulofesa Latifu n'kulowa.

“Pepala limenelo ndinalemba ndine,” anatero, “ndipo ndinalakwitsa. Ndinayeza zaka zisanu za chilala. Bambo awa ayeza zaka khumi ndi zinayi. Ndalemba lina lokonza loyambalo, ndipo dzina loyamba pamwamba pake ndi lawo.”

Mlandu unatenga chaka china. Pomaliza kampani inasunga kumtunda kumene inagaula kale, koma gawo lalikulu la dambo, pamodzi ndi madzi ake, linatsala la ng'ombe. Pepala lachiwirilo mpaka lero latchulidwa kasanu ndi kanayi kokha, ndipo akatswiri ena akutchulabe loyamba lija osadziwa kuti mwini wake analikana. Pulofesa atadandaula za zimenezi, a Chikoti anaseka. “Mayi, ng'ombe zawerenga lachiwirilo. Taonani mmene zanenepera.”

Anayezabe udzu mpaka maso atayamba kuchita chidima. Mu Julaye 2022 anagona ndi chifuwa, ndipo ansembe anawapatsa Mgonero kunyumba. Masana a tsiku lomaliza Daliso anabwera. Kwa zaka khumi anali asanapondepo pakhomopo. Anagwada pakhonde, osalimba mtima kulowa, mpaka mayi Sara anamukoka dzanja.

“Bambo,” anatero akulira, “dzanja lanulo ndinathyola ndine.”

“Ndikudziwa. Besi yako ndingaisokoneze ndi ya ndani?”

“Nanga bwanji simunanditchule kwa apolisi?”

“Ukanamangidwa, ng'ombe zako akanadyetsa ndani? Dzuka, usanyowetse mphasa. Mawa uzichotse kumadzi kuja, zakhalitsako, udzu upume.”

Anapempha mayi Sara kuti ayambe Pemphero la Ambuye, Daliso n'kumatsatira. Asanafike pa Amen, a Chikoti anali atagona, nkhope ili phee ngati munthu amene wamaliza kulima ndime yake.

Manda anakumba Daliso, ndipo sanalole wina kumulandira khasu. Pulofesa anakhala pansi pamodzi ndi amayi a mpingo, a Sadick anabwera kuchokera ku Benga ndi ana awo onse. M'mawa mwake, anthu asanabalalike pa siwa, Daliso anatsegula khola n'kupititsa ng'ombe zake kutsidya, kutali ndi madzi, monga anauzidwira.

Ambuye awalandire mtumiki wawo Edmund, awapumitse m'kuwala kosatha, ndipo ife otsala atipatse mtima wonena zoona ngakhale zitatidula zala.