Yunifolomu ya Lemani

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, tikukhala ku Kawale. Ine sukulu ndinali nditalekezera Sitandade 5, koma mnzanga Lemani ankapitiriza. Loweruka lililonse tinkaumba njerwa kudambo, iye kuponda dothi, ine kunyamula chikombole.

Tsiku lina anasiya kuponda, matope ali m'mawondo.

"Yohane, kusukulu anandichotsa. Ndinamenyana ndi mwana wa ahedi. Mwezi watha tsopano."

"Nanga yunifolomu umavala m'mawa uliwonse ija?"

"Ndimavalira bambo. Ndikachoka pakhomo ndimadzabisala m'bango muno. Usauze munthu, wamva?"

Sindinamufunse kuti mwezi wonsewo ankaganiza chiyani ali yekha m'bangomo. Ndinaleredwa kuti nkhani yaikulu ndi ya akulu. Tsiku lomwelo ndinakauza bambo ake, ndikudziona wolungama. Anamukwapula ndi lamba pabwalo, amayi a pampopi akuonerera. Lemani sanalire. Anangondiyang'ana. Patapita masiku atatu anakwera lole ya fodya, yunifolomu ataipinda bwinobwino pamphasa. Sitinamuonenso.

Lero ndimakhala ku Area 25. Mdzukulu wanga Tadala, wa Fomu 4, ali m'gulu la achinyamata oyankha foni anzawo akathedwa nzeru. Anayamba ochepa, foni imodzi. Pano amachita kusinthana, poti oimba achuluka, ena a ku Mgona, ena a ku Chinsapo.

Nditamva ndinakalipa. "Mwana n'kulangiza mwana mnzake? Akulu anatha?"

"Agogo, inu mukanaimbira munthu wa nkhope ngati yanuyo?" anatero akuseka. "Ife timayamba n'kumvetsera. Nkhani ikakhala yoopsa timaitana alangizi aakulu, koma timamuuza kaye mwiniwake, ndipo sitimusiya yekha."

Sindinamuvomereze. Si khalidwe langa kugonjera mwana.

Kuuza akulu sikunali kulakwa, mpaka lero ndimatero. Kulakwa kunali kupita ndekha mwamseri, mnzanga n'kumusiya m'matope. Ndikanasamba naye miyendo, n'kuyenda naye mpaka pakhomo, n'kuima pambali pake iye akulankhula. Lamba mwina akanalira ndithu, koma lole ija sakanakwera.

Masiku ano foni ya Tadala ikalira, ndimazimitsa wailesi n'kumusiyira nyumba. Amayesa ndakwiya. Ine ndimakaima pachipata, kuyang'ana malole a fodya opita ku Kanengo. Ngati Lemani ali moyo, imvi zili mbuu ngati ine. Atabwera, sindingayankhule kanthu. Ndingamupatse mpando, ndimve zonse za mwezi uja.