Bulangete mu Okutobala

Fungo la bulangete loanikidwa padzuwa limandibwezera ku Kafue Estates, masana ena a Okutobala. Mlongo wanga wamng'ono ankanjenjemera ndi malungo, akulira kuti wazizidwa. Atate anamufunditsa mabulangete onse a m'nyumba kuti thukuta lituluke. Thukutalo silinatuluke. Khungu lake linauma, likutentha ngati lata la padenga, ndipo anasiya kuyankha.

Amayi atafika kuchokera kumsika anangomukhudza pachipumi, n'kukankhira mabulangete pansi.

"Atate ake, mufuna kumuphika mwana?"

"Simuona akunjenjemera?"

"Iwe, nyowetsa chitenge!" amayi anandikalipira.

Ndinathamangira kumpopi. Nditabwerera, amayi ankamupukuta nacho m'khwapa ndi m'khosi, akumuitana osaleka. Ine ndinagwira beseni, maso ali pazikope zake.

Kenako milomo yake inatseguka.

"Amayi," ananong'ona, "bwezani bulangete langa."