Chitini chobisika cha Mayi Fuatino

Ku Salelologa, aliyense wotsika sitima yapamadzi yochokera ku chilumba cha Upolu amadziwa kalesitilanti ka Mayi Fuatino kuseri kwa msika. Muli mabenchi atatu, wailesi yosasa mawu, ndi mabanzi owotchera mu msuzi wa kokonati, ofewa ngati thonje. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu amayi anzawo ankawafunsa chinsinsi cha mabanziwo, iwo n'kumati ndi ufa, shuga, kokonati ndi manja odala basi. Chimene ankadumpha ndi masipuni anayi a mkaka waufa, wa m'chitini chobisidwa kuseri kwa thumba la mpunga.

Amene anachitulukira chitinicho ndi Seilala, mwana wa mlongo wawo, amene anali atangobwerako ku Brisbane, mzinda wa kudziko lina, kumene ankagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti. Iye anati kumeneko munthu akafunsa ngati m'chakudya muli mkaka, mazira kapena mtedza, lamulo likuti umuuze zoona, chifukwa ena thupi lawo limadana nazo mpaka kufa.

"Iwe mzungu wanga," anatero Mayi Fuatino akukanda ufa, "unamvapo kuti pachilumba pano munthu anaphedwa ndi banzi? Katsuke mathileyi uko."

"Chabwino azakhali, koma chitini chija ndachiona."

Anamuopseza ndi kamtengo kosalazira ufa wokanda, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kenaka pampingo panabwera m'busa watsopano ndi mkazi wake Malaea, mtsikana wamanyazi. Lamulungu loyamba, mapemphero atatha, amayi anapita ndi chakudya kunyumba ya abusa monga mwa mwambo, nakhala pamikeka miyendo atapinda. Mbale yoyamba imene inaikidwa patsogolo pa Malaea inali ya mabanzi a Mayi Fuatino. Malaea anapepesa kaye, maso ali pansi. Anati mkaka wa ng'ombe, ngakhale kadontho, umamutupitsa kukhosi mpaka kubanika, ndipo n'chifukwa chake sayenda wopanda jakisoni m'chikwama. Kodi m'mabanzimo munalibe?

Amayi onse anayankhira pamodzi kuti adye mtima uli m'malo, mabanzi a Fuatino ndi a kokonati yekha, dziko lonse likudziwa. Seilala anali panja ndi atsikana anzake, kutali. Ndipo kuno mlendo sabweza mbale ya munthu wamkulu kawiri. Malaea ananyema banzi.

Mayi Fuatino anayang'ana amayi amene iwowo anakhala akuwanamiza zaka zonsezi, nayang'ananso zala za mtsikanayo zikukwera kukamwa. Kuimirira pamaso pa abusa atakhala pansi n'chipongwe, choncho anayenda ndi maondo pamkekapo, thupi lonselo, mpaka anamugwira dzanja.

"Musadye, mayi busa. Muli mkaka. Masipuni anayi."

Ndiye mayi wina wachikulire, amene mabanzi ake akhala ouma chiyambire, anawomba m'manja.

"Ha! Manja odala aja ndi a m'chitini eti, Fuatino?"

Anthu anaseka mpaka abusa omwe. Malaea anatengeredwa madzi ndi sopo kuti asambe m'manja, ndipo anadya nsomba yowotcha ndi koko wowiritsa.

Masiku ano pakhoma la kalesitilantiko pali bolodi lolembedwa ndi Seilala, lonena chakudya chimene chili ndi mkaka, mazira kapena mtedza. Zilembo zake n'zazikulu kuposa mmene Mayi Fuatino ankafunira. Loweruka lililonse amayamba awotcha mabanzi opanda mkaka, chitini chisanatsekulidwe, pa thileyi yakeyake ndi sipuni yomangidwa kansalu kofiira, imene ngakhale Seilala saloledwa kuikhudza. Malaea amabwera kudzatenga yekha, ndipo amadyeratu limodzi ali pabenchi.

Amayi a mumpingo onse anagula mkaka waufa. Mabanzi awo akadali ouma, ndipo Mayi Fuatino akamva zimenezi amangotambasula manja awo n'kuwayang'ana.