Ngosa ndi Magazi a Njati

Kwathu kuno kuchigwa cha Luangwa, mkazi woyamba kulembedwa ntchito yolondera nyama anali Ngosa Kapembwa, wamfupi ngati mtondo. Atavala majombo aboma, tinkati majombowo ndiwo akumuyendetsa. Ntchito yake inali kuperekeza alendo odzasaka mosangalala, n'kumaona kuti apha nyama yokhayo yolembedwa pachilolezo.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, kunabwera mzungu wamkazi wofuna mutu wa njati. Anaombera, dzanja linanjenjemera, chipolopolo chinalowa m'mimba. Njati inathawira m'tsekera ikukha magazi.

Wolondola mapazi anali apongozi ake a Ngosa, Bashi Lombe, nkhalamba ya mankhwala m'chiuno. Mwambo wa alenje athu umati mkazi akaponda magazi a nyama yovulala, mankhwala amasukuluka.

"Mayi, tsalani pansi pa msikizi apa, mutisungire mthunzi," anatero Bashi Lombe, nkhope atayang'ana kumbali.

"Nanga mzunguyu, bambo, si mkazi?"

"Amene wabwera pa ndege sakhala mkazi. Khalani pansi."

Amuna onyamula katundu anaseka, n'kulowa m'tsekera ndi mzungu wawo.

Njati yovulala ili ndi nzeru kuposa ena a ife. Imazungulira n'kudzabisalira oilondola pambali pa njira yake yomwe. Ngosa, ali pachulu, anaona timbalame todya nkhupakupa tikuuluka kumanzere kwa apongozi ake, n'kudziwa kuti njati yabisala pomwepo. Anakuwa, mphepo inamubwezera mawu. Pakati pa iye ndi iwo panali mzere wa magazi. Anaima pamenepo kanthawi kongomezera malovu kawiri, kenaka anaponda n'kuthamanga.

Anaipha ndi zipolopolo zitatu. Koma nyanga inali italowa kale m'nthiti mwa Bashi Lombe, ndipo anatsirizika galimoto yothamangira nawo kuchipatala isanawoloke mtsinje.

Pamaliro palibe anafunsa za dzanja la mzungu. Onyamula katundu anangoti, "Tinaona jombo la Ngosa lili ndi magazi." Mwamuna wake anam'tulutsira mphika ndi bulangete panja maliro asanathe.

Ngosa akugwirabe ntchito, imvi zayamba. Akabweretsa nyama yogawira mudzi timalandira ndithu, mano tilibe koma manyazi tilibenso. Ine ndinamufunsa tsiku lina ngati amadandaula kuti anaponda magazi aja.

"Ayi, agogo," anatero. "Chimandiwawa n'choti ndinayamba ndaima."